PAKHONDE PATHU: Za Magalimoto Okalamba ndi Ulemu Wao



Mwezi uno tifuna kukamba nanu za chinthu chimene ambiri a inu muchiona tsiku ndi tsiku, koma osachiyesa kanthu. Yense amene anayendapo pa mseu wochoka ku Lilongwe kunka ku Kasungu, kapena kupatukira ku Santhe, ku Chamama ndi ku Mtunthama, adziwa kuti pa midzi yambiri ndi pa minda yakale ya fodya pamakhala galimoto yakufa. Ina iri pansi pa mtengo wa mango, matayala ake anaphwa kalekale. Ina iri kuseri kwa chigafa, ndipo nkhuku ziikira mazira pa mpando wa woyendetsa. Ina inasanduka mosungira makasu ndi matumba. Ana aseweramo, akulu aidutsa osacheuka.

Masabata apitawa tinali pa mudzi wina wa ku Kasungu kuno kukapepesa maliro a nkhalamba ina imene inalima fodya moyo wake wonse. Atatha masiku a maliro, abale anakhala pansi kuti agawe za malemu. Za njinga, za ng'ombe ndi za malata zinatha msanga. Koma atafika pa lole yakale ya Bedford, imene yakhala chiimire pakhomopo zaka zambiri, mau anayamba kukwera. Mwana wamwamuna wamkulu anati: “Tigulitse kwa ogula zitsulo, tigawane ndalama. Chitsulo sichidyedwa.” Mlongo wake anayankha nati: “Achimwene, lole imeneyi ndiyo inatiphunzitsa sukulu tonsefe. Kodi tiiphwanyitse ndi nyundo ngati mbiya yong'aluka?” Pamenepo malume ao, mwini mbumba, anatembenukira kwa ife nati: “Inu mumawerenga za maiko, tatiuzani. Kodi chinthu chotere chiri ndi mtengo wina woposa kulemera kwake pa sikelo?” Tinalonjeza kuyankha pa tsamba lino, popeza funso lomwelo liri m'mabanja ambiri.

Tiyambe ndi za kutali, pambuyo pake tibwere kwathu.

Ku Ulaya ndi ku America kuli mwambo wa chionetsero cha magalimoto akale, chimene m'chinenero cha ku France achitcha concours d'élégance, ndiko kunena mpikisano wa kukongola. Mwambowu unayamba magalimoto asanakhaleko, pamene anthu olemera a ku Paris ankaonetsa ngolo zao zokokedwa ndi akavalo. Atafika magalimoto, mwambo unasamukira pa iwo. Chionetsero cha ku Villa d'Este, m'mbali mwa nyanja ya Como ku Italy, chinayamba m'chaka cha 1929. Cha ku Pebble Beach, ku California m'dziko la America, chinayamba mu 1950, ndipo chichitika mwezi wa Ogasiti pa bwalo la udzu m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kumeneko aimika magalimoto ngati 200 osankhika, ndipo gawo la ndalama zimene apeza lipita ku nchito zothandiza osowa.

Musayese kuti ndi mpikisano wa liwiro ai. Magalimoto angoima m'mizere, ndipo oweruza, anthu amene anakalambira pa nchito imeneyi, ayenda kuchoka pa ina kunka pa inzake. Atsegula boneti, asuzumira pansi, ayang'ana nambala ya injini ndi ya chesesi ngati zigwirizana ndi mabuku a kampani imene inaipanga. Aona nsalu kapena chikopa cha mipando, mtundu wa penti, ngakhale mabauti, ngati ali a mtundu umene unalipo chaka chimenecho. Atatero auza mwini wake kuti alize injini ndi kuyatsa nyali, pakuti galimoto yosalira siiyesedwa yamoyo. Munthu amene anaika chitsulo chamakono m'galimoto ya kale, ngakhale chikhale chonyezimira chotani, amtsitsa pa chiweruzo. Chimene afuna oweruzawo ndicho choona: kuti galimoto ikhale monga inaliri tsiku limene inatuluka m'manja mwa amisiri ake.

Ku England kuli mwambo wina wosiyanako. Lamulungu loyamba la mwezi wa Novembala, magalimoto opangidwa chisanafike chaka cha 1905 anyamuka ku London m'mbandakucha kunka ku Brighton, ulendo wa mailosi ngati 60. Akumbukira tsiku la 14 Novembala 1896, pamene lamulo la dziko lao linalola galimoto kuyenda mailosi 14 pa ora, pomwe kale silinkalola kupitirira mailosi 4. Ambiri afika atanyowa ndi mvula ndi kuda ndi mafuta, ena afera pa njira, koma kufika kokhako ndiko ulemu.

Tsono mufunsa kuti, kodi galimoto iyesedwa yakale ikafika zaka zingati? Bungwe la FIVA, limene linakhazikitsidwa mu 1966 kuti lisonkhanitse osunga magalimoto akale a maiko ambiri, liti galimoto ya mbiri ndi imene yakwana zaka 30, yosungika monga inaliri, ndiponso yosagwiritsidwa nchito ya tsiku ndi tsiku. Taonani tsono: mwa muyeso wa zaka umenewu, Land Rover, Peugeot 404 ndi 504, Datsun ndi Bedford zimene ziri pansi pa mitengo ya kwathu kuno zinaloŵa kale m'gulu la nkhalamba.

Koma pano tichenjezane, kuti wina asagone ndi maloto a chuma. Mwina munamvapo kuti mu 2022 galimoto ina ya Mercedes-Benz 300 SLR, yopangidwa mu 1955, inagulidwa ndi ndalama za euro 135 miliyoni. Nzoona ndithu. Koma za mtundu umenewo anapanga ziŵiri zokha pa dziko lonse lapansi. Ford Model T, imene anaipanga kuyambira 1908 kufikira 1927, inatuluka yoposa 15 miliyoni. Volkswagen ya msana wa kamba, imene analeka kuipanga mu 2003, inapitirira 21 miliyoni. Mtengo wa galimoto yakale uchokera pa zinthu zitatu: kusoŵa kwake, mbiri yake, ndi kukhala kwake ndi ziwalo zake zoyamba. Lole ya Bedford inapangidwa yambirimbiri, ndipo palibe wolemera wa ku California amene adzaolokera nyanja chifukwa cha iyo. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Banja lisaleke kulima poyembekeza mlendo wa mamiliyoni.

Komabe chiripo chimene chinachitika ku Pebble Beach mu 2024 chimene tifuna kuti muchisunge mumtima. Kwa zaka zambiri mphoto yaikulu inkapita kwa magalimoto amene anaphwasulidwa onse ndi kumangidwanso, onyezimira koposa tsiku limene anali atsopano. Chaka chimenecho oweruza anapereka mphoto yaikulu kwa Bugatti Type 59 ya mu 1934, imene kale inali ya mipikisano ya liwiro, pambuyo pake nikhala ya Mfumu Leopold III ya ku Belgium. Galimoto imeneyi sinakonzedwe kuti ioneke yatsopano. Penti wake ngwofwifwa, mipando yake njotha, zipsera za maulendo ake zioneka poyera. Kanali koyamba kuti galimoto ya gulu la zosungidwa chisungire ipambane onse. Oweruza anaonetsa kuti makwinya a nkhalamba ali ndi ulemu umene mafuta odzola sangaupereke. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tibwere kwathu tsopano. Magalimoto asanafike, katundu wambiri wa dziko lino ankayenda pa mitu ya amtengatenga, ndipo Azungu ndi odwala ankanyamulidwa pa machila. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, koma chigawo chapakati chinakhalabe kutali. M'chaka cha 1920 A. F. Barron ndi R. W. Wallace anayamba ulimi wa fodya ku Mbabzi, kufupi ndi Lilongwe, ndipo m'zaka zochepa alimi a m'midzi zikwi zambiri analoŵa ulimi wa fodya wa chikopa, kotero kuti mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira malondawo. Fodya wochuluka chotero sakanatheka kusenzedwa pamutu mpaka ku Limbe. Ndiye anaitana lole, ndipo lole inaitana mseu ndi milatho. Njanji itafika ku Salima mu 1935 ulendo wa malole unafupikirako, ndipo mu 1938 msika wa okushoni unatsegulidwa ku Limbe. Pambuyo pake kunadza msika wa ku Kanengo ku Lilongwe, kenaka wa ku Chinkhoma ku Kasungu konkuno. Mbiri ya fodya wa m'zigwa zino ndi mbiri ya malole amene anaunyamula ziri ngati chingwe cha nkhosi ziŵiri.

Ife amene tiri ndi imvi tikumbukira malole amenewo. Tikumbukira kuliza injini ndi handulo m'maŵa wa mwezi wa Juni, ndi mmene handuloyo inkabwezera nkuthyola dzanja la munthu wosasamala. Tikumbukira mnyamata wa lole akudumpha pa chitunda ndi mwala m'manja kuti atchinge tayala. Tikumbukira madambo a ku Bua nthaŵi ya dzinja, pamene mudzi wonse unkatuluka ndi makasu ndi nthambi kudzazula lole m'matope. Land Rover, imene inaonekera koyamba mu 1948, inanyamula odwala, aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi kumene kunalibe mseu. Peugeot 404, imene inayamba mu 1960, ndi mng'ono wake 504 wa mu 1968, zinatchuka mu Afirika monse chifukwa cha kupirira mabampu ndi fumbi. Mabasi a UTM, pambuyo pake a Stagecoach, anatenga ana athu kunka ku sukulu zogonera konko.

Akuluakulu akumbukiranso galimoto yofiira ya Rolls-Royce, yopanda denga, imene Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu konkuno, amene analamulira dziko lino kuyambira 1964 kufikira 1994, ankaimiriramo ndi litchowa lake pa masiku a zikondwerero. Ena aikumbukira ndi chimwemwe, ena ndi mantha, pakuti mdipiti wake ukamadza miseu inkatsekedwa ndipo anthu ankadikira nthaŵi yaitali pa dzuŵa. Ichi chitiphunzitsa kuti galimoto yakale ndi mboni, ndipo mboni yoona sinena zokoma zokhazokha. Lole ya pa esiteti imene inalipirira ana a bwana sukulu ndi yomweyo imene inatenga matenanti kuchoka ku Mulanje ndi ku Thyolo, ena mwa iwo nabwerera kwao chimanjamanja atatha chaka chathunthu m'munda. Ndi yomweyonso imene inatuta nkhuni za m'mabalani a fodya wa fuluu, mpaka nkhalango za misuku ndi mitondo zinasanduka zitsa. Tikasunga lole, tisunge nkhani yake yonse, yokoma ndi yoŵaŵa yomwe, kuti adzukulu adziŵe thukuta limene linamanga nyumba za malata zimene agonamo.

Tisaiŵalenso amisiri athu. M'mwezi wa Ogasiti 1888 mai Bertha Benz, mkazi wa Carl Benz amene anapanga galimoto yake yoyamba mu 1885, ananyamuka ndi ana ao aamuna aŵiri kuchoka ku Mannheim kunka ku Pforzheim, mtunda woposa makilomita 100, mwamuna wao osadziŵa. Paipi ya mafuta itatsekeka anaitsegula ndi phini ya chipewa chao, mafuta anakagula ku sitolo ya mankhwala, ndipo mabuleki atatha anapempha wosoka nsapato kuti awakhomere chikopa. Kodi si nzeru yomweyo imene tiiona kwa amakaniko a pa Kasungu, amene adula gasiketi pa katoni, namanga paipi ndi mphira wa chubu, nadziŵa nthenda ya injini pongomvera kulira kwake? Magalimoto a masiku ano ayendera kompyuta, ndipo mnyamata wophunzira nchito saona zimene zichitika m'kati mwake. Koma injini yakale iri ngati buku lotsegula: kabuleta, mapulagi, mapointi ndi rediyeta, zonse zioneka ndi maso ndi kugwirika ndi manja. Lole imodzi yosungika ingaphunzitse anyamata ambiri.

Bvuto ndi lakuti mboni zimenezi zirikutha msanga. Ogula zitsulo ayenda m'midzi ndi sikelo ndi moto wodulira, ndipo alipira pa kilogalamu, osafunsa chaka kapena dzina. Chimene chinapirira zaka 50 chitha tsiku limodzi, ndalama zake nkutha sabata imodzi. Ku Blantyre, pa nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri, anaimika panja makina akale a maulendo, pamodzi ndi injini ya sitima ya pamtunda. Anzathu a ku Zimbabwe asunga magalimoto akale m'nyumba yotere ku Mutare, ndipo a ku South Africa ali ndi yao ku Franschhoek. Koma mwana wa ku Chulu kapena wa kwa Wimbe sadzafika konseko. Chimene angachione ndi chimene makolo ake amsungira pakhomo.

Chifukwa chake tipereka malangizo aŵa kwa banja liri lonse limene liri ndi galimoto yotere.

Choyamba, ichotseni pansi pa mtengo. Masamba ogwera pa denga ndi m'makona asunga chinyezi, ndipo chinyezi chibala dzimbiri. Ikankhireni m'chigafa kapena imangireni kashedi ka udzu, pamalo pouma ndi popita mphepo, koma lambulani pozungulira chifukwa cha moto wolusa.

Chachiŵiri, tulutsanimo nkhuku ndi matumba a feteleza. Zitosi zidya penti, ndipo feteleza adya chitsulo msanga koposa mvula. Samalaninso makoswe, pakuti atafuna mawaya ndi kumanga zisa m'mipando.

Chachitatu, ikwezeni pa njerwa kapena pa zipika kuti matayala asakhudze dothi. Chotsani batire. Tsekani bwino poloŵera mafuta ndi poloŵera mpweya, kuti madzi ndi fumbi zisaloŵe mu injini.

Chachinai, musafulumire kuiliza. Injini imene yagona zaka zambiri imauma m'kati, ndipo kuikoka ndi thirakitala kuti ilire mokakamiza kuthyola zimene zikanapulumuka. Ngati ndi ya petulo, makaniko achotse mapulagi, athire oilo pang'ono m'mabowo mwake, adikire masiku angapo, kenaka aipotoze ndi dzanja pang'onopang'ono. Petulo wakale atayidwe, thanki itsukidwe, ndipo mipira ya mabuleki isinthidwe galimoto isanaponde mseu. Dziŵaninso kuti kuyambira 2006 maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara analeka petulo wosakaniza ndi mtovu, pomwe injini zina zakale zinapangidwira petulo wotero. Funsani makaniko wachikulire za pokhalira mavalavu musanayambe maulendo aatali. Safunsa anadya phula.

Chachisanu, musataye kanthu ndipo musapake penti mwachisawawa. Chiwalo chakale, ngakhale chothyoka, chisungeni m'bokosi. Dzina la malemu kapena la munda wao lolembedwa pa chitseko lisafufutidwe, pakuti ndilo chizindikiro cha banja.

Chachisanu ndi chimodzi, sungani mapepala. Buluubuku, malisiti akale ndi zithunzi zikhale pamodzi pouma. Lembani m'kope nambala ya injini ndi ya chesesi. Musagulitse mapepala kapena nambala ya galimoto pazokha, pakuti anthu osaongoka angabisire nazo galimoto yakuba, mlandu nkudzagwera inu. Ndipo koposa zonse, khalani pansi ndi agogo akali moyo, mulembe zimene akumbukira: anaigula chaka chiti, ndi mabelo angati a fodya, ankayendetsa ndani, inanyamula maukwati ndi maliro a yani. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera okhawo amene wina anawasunga.

Tsono yankho lathu kwa malume aja ndi ili. Inde, lole yanu iri ndi mtengo woposa kulemera kwake, koma mtengowo suli wonse wa ndalama. Ngati pakhomo pali njala, kapena mwana wabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi, kapena wodwala asoŵa mankhwala, gulitsani osachita manyazi. Munthu aposa chitsulo, ndipo malemu amene anaigula anaigulira ana omwewo. Koma ngakhale pamenepo musathamangire sikelo. Yambani mwafunsa amakaniko ndi eni malole ena, mumve mitengo kwa anthu atatu kapena anai, pakuti injini, giya bokosi ndi ekiselo zogulitsidwa kwa wozifuna zipambana mtengo wa pa kilogalamu, ndipo wogula lole yathunthu kuti aidzutse ndiye woyenera kumuyamba. Ngati pakhomo palibe chokakamiza chotere, isungeni. Siidya chimanga, siimwa madzi. Tichenjezenso mbali inayo: bambo asathere ndalama za feteleza ndi za ana pa kukonza galimoto yongodzionetsera. Kudzutsa nkhalamba yotere ndi nchito ya pang'onopang'ono, ya zaka, yochita ndi zotsala.

Tiri ndi pempho limodzi kwa mafumu, aphunzitsi ndi makalabu a alimi. Kodi sikungatheke kuti msika wa fodya ukatsekedwa, mvula isanagwe, tipatule tsiku limodzi pa bwalo la sukulu lina, tisonkhanitse nkhalamba zathu za pa mseu? Abwere malole, ma Land Rover, mathirakitala a Massey Ferguson, njinga zakale za Humber ndi Raleigh, ndi ngolo za ng'ombe zomwe. Imene singayende yokha ikokedwe. Oweruza akhale madalaivala ndi amakaniko opuma nchito. Mphoto ipite kwa yakale koposa imene ikali kulira, ndi kwa banja limene lifotokoze bwino mbiri ya galimoto yao. Ana nawonso abwere ndi magalimoto ao a mawaya, pakuti amisiri a maŵa ayambira pamenepo. Sitisoŵa udzu wa ku California kuti tilemekeze zathu.

Tsiku lija tisanatsazike, abale aja anagwirizana chinthu chimodzi: kuti asadule kanthu kufikira atakolola. Madzulo ake anyamata a m'mudzi anasonkhana, napopa matayala aŵiri amene anabvomera mpweya, namangirira ena ndi udzu m'kati, nakankha loleyo mpaka m'chigafa. Mwana wamkulu uja, amene ankafuna sikelo, ndiye anakhala pa chiongolero, ndipo potsika tinamuona akupukuta ndi mkono wa malaya ake dzina la bambo ake pa chitseko.

Inu amene muli ndi galimoto yotere pakhomo, kapena mukumbukira lole imene inatumikira mudzi wanu, tilembereni kalata, mutiuze mtundu wake, chaka chake ndi nchito zimene inagwira. Tidzakondwa kuziŵerenga pamodzi pa khonde lino. Tsalani bwino, ndipo mutiperekere moni kwa onse a m'nyumba mwanu.